Buleki ya Njinga Yamoto Ikafewa

 Lero tikambirana za chinthu chaching'ono pa njinga yamoto, chimene moyo wa woyendetsa ndi wa munthu amene wamunyamula umatsamirapo. Chinthucho ndi buleki, makamaka buleki ija yoyendera mafuta imene imagwira gudumu lakutsogolo.

Njinga zamoto zachuluka m'dziko muno. Akabaza amanyamulira anthu, alangizi a zaulimi ndi azaumoyo amafikira m'midzi yakutali, ndipo amalonda amapitira kumisika. Ambiri mwa iwo akulidziwa vuto ili: munthu kufinya chofinyira cha buleki, icho n'kungofewa ngati siponji, mwina mpaka kukagunda chiwongolero, njinga osaima. Kumbukirani kuti njinga yothamanga makilomita 50 pa ola imadutsa pafupifupi mamita 14 pa sekondi imodzi. Choncho amene ayenera kuyamba wapopa chofinyira kawiri kapena katatu kuti buleki igwire, wataya kale mtunda wokwanira kugunda mwana, ng'ombe kapena galimoto imene yaima patsogolo pake.

Vutoli likafika, ena amathamangira kukagula paipi yatsopano yolukidwa ndi waya, poti anamva kuti imalimbitsa buleki. Ena amangowonjezera mafuta n'kumapitiriza ulendo. Akuluakulu anati chuluke chuluke ngwa njuchi, umanena iyo yakuluma. Buleki imafewa pa zifukwa zingapo, ndipo mankhwala a chifukwa china sachiza chinzake. Ntchito yoyamba ndiyo kupeza chimene chavuta. Kugula kubwere pambuyo.

Mmene buleki yamafuta imagwirira ntchito

Pachiwongolero pali kapampu kamene amakaniko amakatcha master cylinder, ndipo pamwamba pake pali kathanki kosungira mafuta a buleki. Kuchokera pa kapampuko pamatsika paipi yopita ku gudumu, kumene kuli chopanira chotchedwa kalipa. M'kati mwa kalipa muli pisitoni, ndipo pisitoniyo ikakankhidwa ndi mafuta imapanikiza mapadi pa disiki, mbale yachitsulo ija yozungulira pamodzi ndi gudumu.

Nzeru yake ndi yakale. Katswiri wa ku France, Blaise Pascal, amene anabadwa mu 1623 namwalira mu 1662, anaonetsa kuti ukapanikiza madzi otsekeredwa m'chotengera, mphamvuyo imafika mofanana kumbali zonse. Zinthu zamadzimadzi zimakana kufinyika, pamene mpweya umafinyika mosavuta. Pa njinga zamoto, buleki yotere inafala kuyambira mu 1969, pamene Honda inatulutsa njinga ya CB750 yokhala ndi disiki kutsogolo. Lero ngakhale tinjinga tating'ono tambiri tili nayo.

Tsono chofinyira chikalimba, ndiye kuti mphamvu yonse ya dzanja lanu ikufika ku mapadi. Chikafewa, ndiye kuti penapake panjira pali chinthu chimene chikugonja ndi kumeza mphamvuyo. Zinthu zimene zimagonja kawirikawiri ndi zinayi: mpweya umene walowa m'mafuta, nthunzi ya mafuta okalamba, timphira totseka timene tatha, ndi paipi imene yayamba kufufuma.

Kupeza njuchi yakuluma

Kufufuza kumeneku sikulira ndalama. Imikani njinga pamalo osalala, injini itazima, ndipo muyambe ndi maso. Onani ngati mafuta m'kathanki ali pamwamba pa mzere wapansi. Yang'anani polumikizira ponse, pa kapampu, pa paipi ndi pa kalipa, ngati pali chinyezi cha mafuta. Suzumirani mapadi: ngati kamzere kamene kali pakati pa padi katsala pang'ono kufufutika, mapadiwo atha. Dziwani kuti mapadi akamatha mafuta amatsika pang'onopang'ono m'kathanki ngakhale pasakudontha paliponse, chifukwa pisitoni imatulukira kunja kutsata mapadiwo.

Kenaka popani chofinyira kasanu motsatizana. Chikalimba mutapopa, n'kufewanso mukachisiya kwa kanthawi, kawirikawiri ndiye kuti muli mpweya. Koma ngati chili cholimba njinga itaima, n'kumafewa mukangoyenda pang'ono, onani disiki ndi gudumu. Disiki yopindika kapena gudumu logwedera limakankhira mapadi m'mbuyo pozungulira, kotero kuti kufinya koyamba kumangothera pa kuwabweza pamalo pake.

Chachiwiri, finyani ndi mphamvu ndipo mugwire chomwecho kwa theka la mphindi. Chofinyira chikamatsika pang'onopang'ono kulinga kuchiwongolero, mafuta akuthawa. Ngati kunja kulibe podontha, ndiye kuti akuthawira m'kati mwa kapampu, kudutsa kamphira kamene katha. Apa kutulutsa mpweya sikuthandiza, ndipo paipi yatsopano sithandizanso. Pafunika timphira tatsopano kapena kapampu kena.

Chachitatu, gwirani paipi ndi dzanja limodzi pamene mnzanu akufinya buleki, ndipo muyendetse dzanjalo paipi yonse. Mukamva ikufufuma penapake ngati mtsempha, kapena mukaona ming'alu, chotupa kapena popekesedwa, paipiyo yatha ntchito.

Chachinayi, dzifunseni nthawi imene buleki imafewa. Ngati imagwira bwino mmawa ndi pamalo athyathyathya, koma imafewa mukamatsika mtsetse wautali, vuto ndi mafuta okalamba.

Pali chinthu china chimene ambiri amaiwala m'dziko lafumbi ngati lathu lino. Kalipa wa njinga zambiri amayenda pa timisomali tiwiri. Fumbi ndi dzimbiri zikamanga timisomalito, kalipa amapendekeka, padi limodzi limadyeka kuposa linzake, ndipo chofinyira chimamveka chofewa. Kutsuka ndi kupaka girizi woyenera mabuleki kumathetsa vutoli.

Mafuta a buleki amakalamba

Mafuta a buleki amene njinga zambiri zimagwiritsa ntchito ali ndi khalidwe lokoka chinyezi cha mumpweya, monga umachitira mchere m'nyengo yadzinja. Chinyezicho chimalowa pang'onopang'ono kudzera pa chivundikiro cha kathanki ndiponso m'mphira wa paipi. Madzi akachuluka, mafuta amawira msanga.

Pa botolo mudzaona malembo akuti DOT, otsatidwa ndi nambala. Umenewu ndi muyeso wochokera ku unduna wa zamtengatenga wa ku America. Muyesowo umati mafuta atsopano a DOT 3 asawire asanafike madigiri 205, a DOT 4 madigiri 230, ndipo a DOT 5.1 madigiri 260. Koma mafuta omwewo akamwa madzi okwana pafupifupi magawo 4 pa 100, malirewo amatsika kufika pa madigiri 140 kwa DOT 3, 155 kwa DOT 4 ndi 180 kwa DOT 5.1.

Taganizani tsono za munthu amene akutsika phiri kuchokera ku Blantyre kupita ku Chikwawa, kapena mtsetse wa ku Golomoti, kapena wa ku Chiweta, atanyamula mnzake ndi thumba la chimanga. Buleki imaimitsa njinga posandutsa liwiro kukhala kutentha. Akagwira buleki mosalekeza, disiki imatentha, kalipa amatentha, ndipo madzi a m'mafuta amawira n'kusanduka nthunzi. Nthunzi imafinyika monga mpweya, ndipo chofinyira chimagwera pachiwongolero pa nthawi yomwe buleki ikufunika koposa. Choopsa chake n'chakuti njinga ikazizira nthunziyo imabwerera m'madzi, buleki n'kuonekanso ngati yabwinobwino, mwini wake n'kuiwala.

Pa chifukwa chimenechi opanga njinga ambiri amalamula kuti mafuta a buleki asinthidwe zaka 2 zilizonse, ngakhale njinga isakuyenda kwambiri. Mafuta atsopano amakhala oyera kapena achikasu pang'ono; akada ngati tiyi, nthawi yawo yapita. Thirani mtundu umene walembedwa pa chivundikiro cha kathanki, ndipo uchokere m'botolo losatsegulidwa. Chenjerani ndi DOT 5. Dzina lake likufanana ndi DOT 5.1, koma ndi mtundu wina, wopangidwa ndi silikoni, umene susakanikirana ndi enawo. Ndipo musayerekeze kuthira oyilo wa injini, petulo kapena parafini m'buleki, chifukwa zimenezi zimatupitsa timphira tonse ndi kuwononga buleki yonse. Potsika phiri, ikani giya yaing'ono kuti injini ithandize kugwira njinga, ndipo buleki muziigwira ndi kuipumitsa.

Kutulutsa mpweya

Ntchito imeneyi ifuna sipanala yokwana bwino pa kabawuti kotulutsira mpweya kamene kali pa kalipa, kachubu koonekera m'kati, botolo lopanda kanthu, nsalu ndi mafuta atsopano. Phimbani thanki la petulo ndi nsalu, popeza mafuta a buleki amadya penti. Akadonthera, tsukani msanga ndi madzi. Tembenuzani chiwongolero kuti kathanki kakhale chilili, ndipo mupukute fumbi musanatsegule chivundikiro.

Lowetsani kachubu pa kabawuti, mbali inayo ilowe m'botolo mmene mwathira mafuta pang'ono. Finyani chofinyira ndi kuchigwira. Masulani kabawuti pang'ono chabe, ndipo mudzaona mafuta ndi timathovu zikutuluka pamene chofinyira chikutsika. Mangani kabawuti chofinyira chisanasiyidwe, ndipo mukamanga ndiye muchisiye pang'onopang'ono. Dongosolo limeneli lisasokonezeke, chifukwa mukasiya chofinyira kabawuti kali kotsegula, mpweya umayamwidwira m'kati. Bwerezani mpaka mafuta otuluka akhale oyera ndi opanda thovu. Nthawi yonseyi diso likhale pa kathanki. Kakangouma, mpweya walowanso ndipo ntchito yayambira pachiyambi.

Nthawi zina munthu amachita zonsezi koma chofinyira osalimba. Chifukwa chake n'chakuti mpweya umakwera m'mwamba, pamene ife tikuukankhira pansi. Kathovu kamakonda kubisala pamalo okwera, makamaka pa bawuti yolumikiza paipi ku kapampu, imene amaitcha banjo. Kulungani nsalu pa bawutiyo, finyani chofinyira, masulani pang'ono kuti thovu lituluke, ndipo mumangenso musanasiye. Njira ina ndiyo kugogoda kalipa ndi paipi pang'onopang'ono ndi chigwiriro cha sikuludiraiva, kenaka kugwedeza chofinyira pang'ono pokha, n'kumaona timathovu tikukwera m'kathanki. Amakaniko ena amakankha mafuta kuchokera pansi ndi jakisoni wamkulu wolumikizidwa ku kabawuti, kotero kuti mpweya umayenda njira yake yachibadwa yokwera. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ntchito iyi siifuna phuma.

Paipi yamphira ndi paipi yolukidwa

Mpweya ukatuluka, mafuta ali atsopano, timphira tili bwino, apo ndiye tingakambe za paipi. Paipi imene njinga zambiri zimabwera nayo ndi yamphira, yokhala ndi ulusi wolimba wolukidwa m'kati mwake. Ikakhala yatsopano imagwira ntchito bwino lomwe. Koma dzuwa, kutentha ndi kupindika kwa tsiku ndi tsiku zimaifooketsa, ndipo imayamba kufufuma mafuta akapanikizidwa. Nthawi zina imawonongekera m'kati kunja kukuoneka bwino, n'kumatsekereza mafuta pobwerera, buleki n'kumakanirira. Mabuku a njinga za Yamaha amati mapaipi asinthidwe zaka 4 zilizonse, kapena msanga akang'aluka.

Paipi yolukidwa ili ndi kachubu ka pulasitiki yotchedwa PTFE, imene ambiri amaidziwa ndi dzina la Teflon. Pulasitikiyi anaitulukira Roy Plunkett ku America mu 1938. Kunja kwa kachubuko amaluka waya wachitsulo chosachita dzimbiri, ndipo wayayo amakaniza chubu kufufuma. Zotsatira zake n'zakuti chofinyira chimalimba msanga ndipo dzanja limamva bwino mmene buleki ikugwirira. Paipi yotere imakhalitsanso kuposa yamphira.

Koma pali mfundo zitatu zofunika kuzidziwa. Yoyamba: paipi yolukidwa siwonjezera mphamvu ya kalipa kapena kugwira kwa tayala pamsewu. Pamsewu wafumbi kapena wamchenga, buleki yogwira mwamsanga ingathe kumanga gudumu lakutsogolo ngati dzanja silinazolowere. Yachiwiri: waya wake amapala ngati tupa chilichonse chimene akukhudzana nacho, choncho sankhani yokutidwa ndi pulasitiki kunja. Yachitatu: ikapindidwa mopitirira, kachubu ka m'kati kamathyoka pamalo obisika ndi waya, osaoneka ndi maso. Paipi yolukidwa yosadziwika kumene yachokera, yokhala ndi mitu yomangidwa mwachisawawa, ndi yoopsa kuposa yamphira yabwino. Pogula, funani malembo a DOT kapena SAE J1401, amene ndi miyeso ya mapaipi a buleki, ndipo mitu yake ikhale yachitsulo, popeza ya aluminiyamu imadyeka msanga ikakhudzana ndi chitsulo pamalo achinyezi. Kwa wakabaza wa njinga yaing'ono ya disiki imodzi, paipi yamphira yatsopano ndi yeniyeni, pamodzi ndi mafuta atsopano, ndi yokwanira.

Kayalidwe ka mapaipi

Njinga ya disiki imodzi ili ndi paipi imodzi, ndipo palibe chosankha koposa kutalika kwake ndi maonekedwe a mitu yake. Kusankha kumabwera pa njinga zikuluzikulu za madisiki awiri kutsogolo, pamene kapampu kamodzi kayenera kutumikira makalipa awiri. Njira zake ndi zitatu.

Njira yoyamba ndi ya mapaipi atatu. Paipi imodzi imatsika kuchokera pa kapampu kufika pa chogawira chimene chamangidwa pansi pa nyali, ndipo kuchokera apo mapaipi awiri amapita ku makalipa. Njinga zambiri zimachoka kufakitale chotere. Ubwino wake n'ngwakuti zomangirira zonse zilipo kale ndipo mapaipi amayenda mwaudongo. Kuipa kwake n'kwakuti polumikizira pamachuluka, ndipo chogawiracho chimasunga timathovu.

Njira yachiwiri ndi ya mapaipi awiri aatali, onse ochokera pa kapampu, omangidwa ndi bawuti imodzi yaitali ya banjo. Paipi iliyonse imapita kwa kalipa wake. Polumikizira pamachepa ndipo mpweya umatuluka mosavuta, n'chifukwa chake othamangitsa njinga pamipikisano amaikonda. Koma muyenera kuonetsetsa kuti bawuti yaitaliyo siikugunda mawotchi kapena magalasi otchinga mphepo mukakhotetsa chiwongolero.

Njira yachitatu ndi ya paipi imodzi yaitali yofika kwa kalipa woyamba, ndi ina yaifupi yodumpha pamwamba pa madigadi kupita kwa wachiwiri. Imaoneka bwino ndipo imachepetsa mapaipi pachiwongolero. Vuto lake ndi nsonga ija ya pamwamba pa madigadi, pamene mpweya umakhazikika. Kuti utuluke, nthawi zina pamafunika kumasula kalipa wachiwiri ndi kumukweza m'mwamba, mutaika kathabwa pakati pa mapadi.

Kodi ndi njira iti imene imagwira mwamphamvu? Pano tibwerere kwa Pascal. Mafuta otsekeredwa amapanikiza mofanana paliponse, choncho makalipa onse awiri amalandira mphamvu yofanana m'njira zitatu zonsezi, ngakhale paipi ina italike kuposa inzake. Kusiyana kwake kuli pa kuchuluka kwa polumikizira, kuvuta kwa kutulutsa mpweya, ndi malo amene njinga yanu ili nawo. Amene alibe chifukwa chenicheni chosinthira, atsate kayalidwe kamene njinga inabwera nako. Ndipo ngati njinga ili ndi ABS, chipangizo choletsa gudumu kumangika, mapaipi ake amadzera m'bokosi la chipangizocho. Kayalidwe kameneko kasasinthidwe, ndipo ntchitoyo ipite kwa makaniko woidziwa.

Kuyeza ndi kumanga

Paipi iyezedwe gudumu lakutsogolo litanyamulidwa, mafoloko atatambasuka mpaka pamapeto. Paipi yaifupi imakokeka njinga ikadumpha bampu, ndipo ingazuke pamutu pake. Yaitali kwambiri imakhudza tayala kapena kukodwa mafoloko akafinyika. Amene wakweza chiwongolero ayezenso mwatsopano. Mukamanga, khotetsani chiwongolero mpaka pamapeto kumanja ndi kumanzere, kankhani mafoloko pansi kangapo, ndipo muone kuti paipi siikukokeka, siikupindika ndipo siikupekesedwa. Mapaipi ambiri amphira ali ndi mizere yoyenda m'litali. Mzerewo ukapotoka, paipi yamangidwa mopotoka.

Mabawuti a banjo amaoneka ofanana koma mazinga awo amasiyana. Ofala ndi a M10 x 1.0 ndi a M10 x 1.25. Bawuti yolakwika imawononga mazinga a kapampu kapena a kalipa, amene ndi a chitsulo chofewa, choncho pitani ndi bawuti yakale kusitolo, ndipo muyambe kuimanga ndi zala. Mbali zonse ziwiri za mutu wa paipi pamakhala mawashala amkuwa kapena aluminiyamu, awiri pa banjo ya paipi imodzi, atatu pa ya mapaipi awiri. Mawashalawa amatseka mwa kuphwanyika, ndipo akaphwanyika kamodzi ntchito yawo yatha. Ikani atsopano nthawi zonse.

Mawu kwa a buleki yawaya

Njinga zambiri za m'midzi zili ndi buleki ya dilamu yokokedwa ndi waya kapena kandodo kachitsulo, makamaka kumbuyo. Imeneyi ilibe mafuta kapena mpweya woti mutulutse. Ikafewa ndiye kuti waya watamuka, wayamba kuduka timinga, kapena nsapato za m'kati mwa dilamu zatha. Mangani nati yosinthira mpaka chofinyira chiziyenda pang'ono chisanagwire, monga mwa muyeso wa m'buku la njinga yanu, ndipo muzungulitse gudumu kuona kuti silikukanirira. Nati ikafika kumapeto, kapena kamuvi ka pa dilamu kakafika pa chizindikiro chake, nsapato zisinthidwe.

Omvera athu, ntchito iliyonse ya buleki ikatha, popani chofinyira mpaka chilimbe njinga isanasunthe, pukutani polumikizira ponse, ndipo muyese buleki pang'onopang'ono pabwalo musanalowe mumsewu. Mmawa mwake yang'ananinso ngati pali podontha. Inu okwera kabaza muli ndi ufulu wopempha woyendetsa kuti afinye buleki mukuona. Chofinyira chikakafika pachiwongolero, dikirani njinga ina. Ndipo inu eni njinga, buleki yakutsogolo ndiyo imagwira gawo lalikulu la ntchito yoimitsa njinga, choncho ikafewa njingayo igone pakhomo kufikira chifukwa chake chitapezeka. Tsalani bwino, ndipo muyende mosamala.